AHedi ndi Buku Loyambira Kumapeto

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni aHedi, ndipo pa gulu lathu la pafoni la Amalawi a kuno ku Leicester palibe amene walembapo kanthu. Gulu lomweli limakumbuka tsiku lobadwa la mwana aliyense, munthu akangogula galimoto zithunzi zimabwera mpaka foni kudzaza, koma za aHedi lili zii. Nanenso sindinalembepo. Ndatsegula foni kangapo, ndalemba dzina lawo, kenako ndafufuta.

Dzina lawo anali a Matewere, kwawo ku Phalombe, koma tonse tinkangoti aHedi chifukwa kumudzi anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale. Kuno anabwera motsatira akazi awo, amene anali namwino. Mayiwo atamwalira, iwo anatsala okha m'kanyumba kam'mwamba ku Beaumont Leys, akulondera nyumba zosungiramo katundu mpaka maondo atakana. Uhedi wokha sunawachoke. Cholembera chofiira chinkakhala m'thumba la jekete ngakhale kutchalitchi, ndipo ukamalengeza zinthu kutsogolo n'kumva iwo akutsokomola, unkadziwiratu kuti pena pake wakhota. Mu mpingo wathu waung'ono, umene umapemphera mu holo yalendi, anali mkulu wa mpingo. Maukwati ambiri a kuno nkhoswe anali iwo, ndipo ine ndi amuna anga tikayambana, wotikhazika pansi anali iwo omwewo. Munthu akamwalira foni yoyamba inkapita kwa iwo, chifukwa ankadziwa khomo lililonse logogoda mpaka thupi litakwera ndege.

Koma munthu wamantha ngati iwo sindinamuonepo. Apolisi sankawaopa. Azungu amwano a m'basi ankawayankha Chingerezi cha m'buku mpaka eni akewo kuyang'ana pawindo. Chimene ankaopa ndi ufiti. Enafe timauopa mobisa, kumanamizira kuti tinausiya pabwalo la ndege ku Lilongwe. Iwo ankanena poyera kuti ndege imene inatinyamula ife inanyamulanso zathu zonse, ndipo afiti atafika kuno anangoonjezera majekete. Popita kometetsa ankatenga kajumbo, wometa akamaliza iwo n'kuwerama kutola tsitsi lawo lonse. Tsiku lopita ku Malawi sankauza munthu, unkangomva kuti anafika kale. M'nyumba za anthu ankadya zokhazo zimene angasende okha, nthochi kapena dzira lowiritsa. Ndinawaphikirapo nkhuku ya lokolo imene ndinakaisaka mpaka ku Narborough Road. Anayamikira kwambiri fungo lake, kenako anapempha nthochi.

Ine ndi iwo tinkakangana kawirikawiri, ndipo nkhani inali imodzi, ya mwana wanga Tadala. Tadala anabadwira kuno. Chichewa amamva chonse, ngakhale cha miseche, koma poyankha ndi Chingerezi chokhachokha. AHedi ankati mwana woyankha makolo ake m'chinenero cha eni dziko ndi mlendo amene mukumulera m'nyumba, ndipo mlandu wake ndi wa mayi. Tsiku lina anandipeza nditangoweruka kosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, miyendo itatupa, ndipo ndinawayankha kuti abwere adzagwire mashifiti anga, ine ndikhale pansi ndiziphunzitsa mwana ndakatulo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kwa masabata angapo moni wanga ankayankha ndi mutu wokha.

Munthu ameneyu atamwalira, kunyumba ya maliro tinalipo ochepa moti tiyi wa m'fulasiki imodzi anatsala. Azimayi amene aHedi anawathamangira pa maliro a amuna awo anatumiza uthenga kuti ali pa shifiti. Amene anabwera anakhala chakukhomo, majekete osavula, ndipo palibe anakhudza chakudya. Mwana wawo wamwamuna, amene anachokera ku Malawi kudzatenga thupi, anandifunsa ngati bambo ake anali munthu wovuta kwambiri kuno. Ndinati ayi, anthu angotanganidwa. Zoona zake sindinamuuze, chifukwa zoonazo zikukhudza mwana wanga.

Zinayamba patapita chaka timu ya mpira ya mumzinda muno itadabwitsa dziko lonse potenga chikho cha ligi. Tadala anali atangotha msinkhu, ndipo anatengeka mtima ndi mabuku a zithunzi a ku Japan amene ana amawatcha manga. Ena ankabwereka ku laibulale, ena kwa anzake, ena ankagula, mpaka pansi pa bedi panadzaza. Ine ndinkangoti bola akuwerenga. Amene ankawakonda koposa anali a nkhani ya chinjoka chamapiko ndi kamtsikana kophunzira matsenga. Chinjokacho ankachijambula paliponse, m'makope, padzanja, ngakhale pa kapepala ka nyimbo za kutchalitchi. Akamatsuka mbale ankang'ung'udza mawu achilendo a m'mabukumo.

Kenako anakomoka kusukulu, patapita nthawi anakomokanso. Adokotala anati magazi ndi ochepa, anamupatsa mapiritsi. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma pa mapemphero a azimayi Tadala ananyamula khanda la mayi Tembo, a ku Chipata amene amakhala ku Oadby, ndipo sabata yomweyo khandalo linagonekedwa kuchipatala likubanika. Linachira. Lamlungu lotsatira tikutsuka makapu kukhitchini ya holo, chikwama cha Tadala chinagwa, mabuku n'kumwazika pansi. Mayi Tembo anatola limodzi, anaona pachikuto chinjoka chitayasamula pamwamba pa mwana, nalitaya ngati lawaotcha.

"Amake Tadala, manje ivi ni vichani?" anandifunsa. "Imwe muli na Baibo ku nyumba. Chinjoka muchiziba kuti ni ndani. Ndiye uyu ananyamula mwana wanga."

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira Leicester yense, itafika ndi ku Nottingham komwe. Palibe amene anatchula mawu oti mfiti pamaso panga. Ankangoti mwanayo akufunika mapemphero amphamvu. Ana anzake akangomuyandikira, amayi awo ankawaitana kuti adzawatume. Bambo ake a Tadala, munthu wofatsa koma woopa manyazi koposa imfa, anati sukulu ikangotseka amubukira tikiti apite kwa mlongo wawo ku Ntcheu, kumene kuli mneneri wina wodziwa kuchotsa zoterezi mwa ana. Anati akachira adzabwerera. Liti, sananene.

Mantha anga anali awiri, ndipo onse ankandidya. Ndinkaopa kuti mwana wanga mmodzi yekhayu akakwera ndege imeneyo sindidzamuonanso ali Tadala yemweyu. Kukauza a boma oona za ana sindikanatha, chifukwa tonse kuno timaopa kuti amenewo akalowa m'nyumba amatuluka ndi mwana. Mantha achiwiri anali oti mwina anthu akunena zoona. Ndimadziwa bwino kuti kuchepa magazi kumagwetsa munthu, mapiritsi omwewo ndimapereka kuntchito, koma ndinakulira kumudzi. M'mawa wina Tadala anandipangira tiyi, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana kapuyo mpaka tiyi anazizira.

Ndinapempha bambo ake chinthu chimodzi, kuti tisanachite chilichonse aHedi aone kaye mabukuwo, ndipo chimene adzanene tidzatsate. Anavomera msanga, podziwa kuti pa nkhani ya ufiti aHedi sangakhale mbali ya mwana. Nanenso ndinkadziwa zimenezo. Ndinkangofuna nthawi.

AHedi anatenga buku loyamba, lonenepa kuposa onse. Sanaligwire ndi manja, anatambasula jumbo n'kundiuza ndiliponyemo. M'nyumba mwawo silinalowe. Ankalisiya m'kakabati ka mita ya magetsi panja pa chitseko, n'kumakaliwerengera pa benchi masana, anthu akudutsa. Mawu ake sanawerenge, poopa kuti angatchule matsenga mosadziwa, anangotsata zithunzi. Atabwera kwathu Loweruka masana nkhope inali itatuwa. Anakana ngakhale nthochi. Tadala anakhala pansi pafupi ndi chitseko monga anamuuzira bambo ake.

"Bambo, mayi, ndaona zinthu," anatero aHedi. "Buku likuyamba ndi manda. Mkazi wamkulu akufukula manda, akutulutsamo chinjoka chakufa. Chinjokacho chikudzuka. Tsamba lililonse chikunenepa, mamba akumera, ndipo mkazi uja akunka nachepa. Chikumuyamwa. Pomaliza wasanduka kamwana, kamangidwa pamtengo, chinjoka chayasamula pamwamba pake. Buku lathera pomwepo. Ine ndakalamba, koma ufiti wojambulidwa bwino chonchi sindinauonepo."

Bambo ake a Tadala anagwira kumutu. Ndiye Tadala anaseka. Sikunali kuseka kwamwano, kunangomuphulika, koma m'nyumba ya Mmalawi mwana kuseka wamkulu akuyankhula za manda, palibe chimene chikanamuipitsira mlandu kuposa pamenepo. Bambo ake ananyamuka dzanja lili m'mwamba. Mwanayo ananena mwachangu m'Chingerezi chake kuti agogo awerenga chafutambuyo, mabuku amenewa amayambira kumene ife timati kumapeto.

"Dikirani, bambo," anatero aHedi. Anatembenukira kwa mwanayo. "Mukuti ndawerenga molakwika?"

Aka kanali koyamba kuwamva akutchula mwana kuti inu. Ndikhulupirira kuti pa nthawi imeneyo mantha ndi uhedi zinalimbana mwa iwo, ndipo uhedi unapambana pang'ono. Munthu amene anaphunzitsa mudzi wonse kuwerenga sakanabwerera kwawo atauzidwa ndi mwana kuti sadziwa poyambira buku.

Tadala anatulutsa bukulo m'jumbo, analitembenuza, natsegula mbali inayo. Anayendetsa chala kuchokera kumanja kupita kumanzere. Zithunzi zinali zomwezo, koma tsopano nkhani inkayenda motere. Anthu a m'mudzi wina amangirira kamwana kamasiye pamtengo kuti chinjoka chokalamba cha m'phiri chikadye, mudzi upulumuke. Chinjokacho chikuyasamula, koma m'malo mokadya chikudula zingwe ndi mano. Chikukalera m'phanga n'kumakaphunzitsa matsenga ake, ndipo chilichonse chimene chaphunzitsa chikuchoka mwa icho, mamba akuthothoka, mpaka mwana wakula, chinjoka chatha. Manda aja mtsikanayo sakufukula. Akukwirira mphunzitsi wake.

Ndinaganiza kuti mwana wanga wapulumuka. Ndinalakwitsa. Bambo ake anafunsa kuti ndi buku lanji loyambira kumapeto, ndipo ndani sadziwa kuti oyenda chafutambuyo ndi afiti. AHedi anavomereza kuti zimenezo nawonso zawaopsa kuposa poyamba. Kenako anafunsa kuti mabukuwo alipo angati. Atamva kuti ndi mulu, anati pa moyo wawo wonse sanachongepo pepala la mwana asanaliwerenge mpaka pansi, ndipo sayamba lero. Chigamulo chidikire, mwanayo awaphunzitse kaye kuwerenga kwakeko.

Ndi mmene inayambira sukulu ija. Loweruka lililonse m'mawa tinkakumana pamalo omwera tiyi m'kati mwa mashopu a ku Beaumont Leys, poyera, pamene pali anthu ambiri, chifukwa aHedi sakanalola mabukuwo pansi pa denga lawo. Ine ndinkakhala tebulo lapafupi. Ankafika ndi mchere m'thumba la jekete, n'kupemphera asanayambe ndiponso akamaliza. Masabata oyamba masamba ankatsegula ndi Tadala, iwo manja ali kutali. Ankamutchula kuti aphunzitsi, mosaseka. Ndipo mwana wanga anali mphunzitsi wankhanza. Diso lawo likathawira kumanzere monga linazolowerera, iye ankagogoda tebulo ndi chala, nkhalamba ija n'kupepesa, kubwerera poyambira.

Iwo ankayankhula Chichewa, iye Chingerezi, ndipo ankakangana mosaona msinkhu. AHedi sankagwirizana ndi kaphunzitsidwe ka chinjokacho. Pamene chinakankhira mtsikana kuphompho kuti aphunzire kuitana mphepo, anavula magalasi n'kunena kuti mphunzitsi wotere kwathu akanamuchotsa ntchito. Atakhala pang'ono anaonjezera kuti komabe iwo ndi ndodo yawo anachitapo zoposa apa, ndipo palibe mwana anauluka. Tadala anaseka mpaka anthu kutembenuka. Panali patapita nthawi ndisanamve kuseka kotero. Koma tikamanyamuka ndinkawaona akupukuta zala ndi mchere uja, chimodzichimodzi, milomo ikuyenda.

Bambo ake ankafunsa Lamlungu lililonse kuti aHedi mwapeza chiyani, ndipo yankho linali lomwelo, loti sanamalize. Sukulu inatseka, inatsegulanso, tikiti osagulidwa. Chisanu choopsa chija chimene chinatseka misewu chinatipeza tikadali pakati pa mulu. Ndinayamba kuona kuti munthu amene ankamaliza nyuzipepala yonse basi isanafike m'tauni, tsopano akupempha kubwereza buku limene amaliza kale, ati sanamvetse. Ndinawafunsa tili podikirira basi, Tadala atalowa m'shopu.

"Mayi, ndisakunamizeni," anatero. "Kaya mabukuwa ndi oyera kaya ayi, ine sindikudziwa. Chinjokacho ndimachilota, ndimadzuka thukuta lili kamukamu. Koma zimene amachita ndi mwana kumene bambo akufuna kumutumizako, zimenezo ndikuzidziwa. Ndinali ndi mwana wa sitandade faifi, wanzeru, woyankha ndisanamalize kufunsa. Anapita naye kokamuchotsa ufiti. Atabwerako ankangokhala kumbuyo kwa kalasi, akamva chitseko chikutsekedwa n'kudzikodzera. Ndiye ine ndiziwerenga pang'onopang'ono."

Chimene sitinaganizire n'chakuti ku mashopu amenewo kumagulanso Amalawi. Anthu anationa. Ndipo kwathu aliyense amadziwa amene amanenedwa kuti akuphunzitsa ana ufiti: nkhalamba yokhala yokha, yofedwa mkazi, yosadya kwa anthu. Zonse zimene tinkawaseka nazo aHedi zinatembenuka n'kukhala umboni. Tsitsi amatoleranji? Ulendo amabisiranji? Manong'onong'o anayamba, koma anthu ankawaopabe, choncho mlandu unkagwerabe pa mwana. Tadala atakomokanso, bambo ake anati zakwana. Mayi Tembo anali atapeza mneneri wina wa ku Hyson Green ku Nottingham. Anagwirizana kuti Lamlungu masana mneneriyo adzamupempherere mwanayo kunyumba kwa mayi Tembo ku Oadby, kenako apite naye akasale kudya masiku angapo kumene amasungira ena otere. Ine anandiuza tili kale m'galimoto. Ndinangokwanitsa kutumiza kauthenga kwa aHedi, foni nditaibisa m'mbali mwa ntchafu.

Pabalaza panali podzaza. Makatani anali atatsekedwa dzuwa likuwala. Mabuku anawaunjika pakati pa kapeti, Tadala anamugwaditsa pambali pake, ndipo pakhomo panali kachikwama ka zovala zake kamene bambo ake analongedza ine osadziwa. Mneneriyo anali wamng'ono kwa ine, wa suti yonyezimira, ndi botolo la mafuta osakaniza ndi zina zimene sindikuzidziwa. Mwana wanga sankalira. Ankangondiyang'ana, ndipo ine mayi ake ndinali nditagwiridwa mikono ndi azimayi awiri amene ankati akundilimbikitsa. Ndinayang'ana chitseko, ndinaona kuti kiyi achotsapo.

AHedi anafika mochedwa, atasintha mabasi, akupuma movutikira. Anagogoda mpaka anawatsegulira. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Mwanayu musiyeni," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, osati a uhedi aja. "Amene wawerenga mabuku awa tsamba ndi tsamba ndine. Amene ndimamuitana Loweruka lililonse ndine. Ngati muli kanthu m'menemu, kali mwa ine. Yambani ndi ine."

Sananame ngakhale liwu limodzi, koma ankadziwa bwino mmene anthu amvere. Mayi wina anayamba kulira chapansipansi. Mneneri uja maso anawala. Anati anaonetsedwa kale kuti kumbuyo kwa mwanayu kuli munthu wamkulu, ankangodikira kuti adziulule yekha.

AHedi anagwada, ndi maondo awo aja, atagwirira mkono wa sofa. Munthu amene sankasiya tsitsi lake kometetsa analola mlendo kumugwira mutu ndi manja onse awiri, kuugwedeza uku ndi uku mpaka magalasi kugwa. Anawapatsa botolo lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatseka maso n'kumwa. Anthu amene iwo anawamangitsira maukwati anawazungulira akukuwa kuti tuluka, tuluka. Atasanza pa kapeti, onse anati chatuluka. Mneneriyo anaika dzanja pamutu pa Tadala mwachidule, nalengeza kuti chingwe chaduka, mwanayo wamasulidwa, sakufunikanso kupita kulikonse. Mabuku anakawatenthera kuseri kwa nyumba. Tadala anatola magalasi a aHedi, koma bambo ake anamulanda asanawapereke.

Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga anakhala mwana wa aliyense. Azimayi ankamukumbatira, kumamuuza kuti Mulungu amamukonda. Mapiritsi aja anagwira ntchito yake, kukomoka kunatha, anthu n'kumati mwaona. AHedi anawatsitsa pa udindo mwakachetechete. Mafoni a maliro ndi a maukwati analeka kulira kwawo. Kutchalitchi ankabwerabe, osaphonya, tayi ali pakhosi. Anandiletsa kubweranso ndi Tadala kwa iwo, ndipo akakumana naye pakhomo la holo ankayang'ana kumbali. Mwanayo ankalira m'galimoto ulendo wonse wobwerera kunyumba.

Ndinakawaona kuchipatala masana ena, matenda a mtima atawagoneka. Anali atatha kwambiri. Ndinawauza kuti sindingathenso kupirira, Lamlungu ndikaima kutsogolo ndikanene zonse mmene zinayendera.

"Mukatero mlandu ubwerera kumene unachokera," anatero. "Anthu athu akaopa amafuna munthu womukhazika manthawo. Pakali pano akhazika pa ine. Asiyeni."

Kenako anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Koma mayi, ndiuzeni zoona. Mabuku aja, ndi zija ndinamwa zija, mukuganiza kuti sindinalowedwe kanthu? Ndikuopa kukafika nazo kumene ndikupitaku."

Ndinawauza kuti ayi, alibe kanthu, ndi oyera. Anagwedeza mutu monga amachitira mphunzitsi ndi mwana amene wayankha mongofuna kumusangalatsa. Anamwalira akuopabe, ndipo zimenezi ndi zimene zimandiwawa koposa zonse.

Mu holo imene timapempheramo mipando yonse ndi yapulasitiki, tikamaliza timaisanjikiza kukhoma. Ulipo umodzi wokha wosasanjikizika, wamatabwa, wokhala ndi mikono, kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko chothawira moto. Pamenepo ndi pamene aHedi ankakhala miyezi yawo yomaliza atachoka kutsogolo, chifukwa mikonoyo inkawathandiza kudzuka. Chimwalirireni palibe wakhalapo. Holo ikadzaza, azimayi oyembekezera amalolera kuima. Nthawi yozizira majekete amaunjikidwa pa chilichonse, pawindo, pa piyano, koma pamenepo ayi. Wosesa amalambalala, moti fumbi lapanga mzere kuzungulira miyendo yake. Mlendo akaona angaganize kuti ndi ulemu.

Lamlungu lapitali titamaliza mapemphero, ndinaona Tadala, amene pano wandipitirira msinkhu, akuyenda yekha kulowera kumbuyoko. Sankathamanga, sankayang'ana munthu. Anali atatsala pang'ono kuika dzanja pa mkono wa mpandowo. Ndinatembenuka, ndinapeza mayi Tembo aleka kupinda nsalu ya patebulo, akuyang'ana. Sindikudziwa mmene ndinadutsira holo yonse. Ndinamugwira mwana wanga pamkono mwamphamvu mpaka zala zanga zinadinda pakhungu lake, ndinamukokera kwa anthu.

Mayi Tembo anamwetulira. "Mwana wanu anachila bwino, amake Tadala. Mulungu ni wabwino."

Ndinati ameni, mkono wa mwana wanga ndisanausiye.